Adalaivala ndi Ng'ombe Zoima Zokha

Mukamva ngolo ikutsika m'mawa kuchokera kumtunda, matayala akulira kwii kwii, wina akukalipira ng'ombe ngati akukalipira ana ochedwa kusukulu, musachite kufunsa kuti ndi ndani. Ndi Adalaivala amenewo. Ndi mzimayi wamfupi, woti akakhala pabenchi ya kutchalitchi miyendo imangolendewera, koma mawu ake amawoloka mlatho mwini wake akadali kutali. Dzinali anthu anam'patsa pomuseka, iye n'kulitola, n'kulisansa fumbi, n'kuyamba kuliyankha monyadira. Lero ngakhale apongozi ake amamuitana choncho.

Choseketsa n'chakuti mayiyu anakula akuopa ng'ombe. Kwawo kunalibe ngakhale mbuzi, ndipo chiweto chachikulu pakhomo pa bambo ake anali tambala wa diso limodzi. Atakwatiwa ndi mnyamata wangolo, anamuuza mosapsatira mawu kuti iye wakwatiwa ndi munthu, osati ndi khola. Kwa zaka zambiri popita kudimba ankachita kuzungulira kuseri kwa nyumba kuti asakumanizane maso ndi Mawanga ndi Kapitawo, ng'ombe ziwiri zokoka ngoloyo. Mawanga ndi yofatsa, imayamba yaganiza isanaponde. Kapitawo ndi yakuda, yamwano, ndipo ikamakoka imayang'ana inzake cham'mbali ngati ikuti ulesi wako ndikuuona.

Mwamunayo tisamunamizire, anali munthu wabwino. Ankanyamula njerwa, mchenga, matumba a chimanga, odwala opita kuchipatala, ndipo njira yonse ankaimba nyimbo zopeka yekha zonyoza ng'ombe zake. Vuto linalowera pamsana. Chaka china atatuta njerwa za sukulu chilimwe chonse, msana unayamba kumuluma moti kudzuka m'mawa inali nkhondo. Mnzake wina anamulozera kanyumba kochajira mafoni, pansi pa mtengo wa mango, panjira ya kuchigayo. Mwini kanyumbako anthu ankamutcha Adokotala, ngakhale sukulu ya udokotala sanaione n'pakhomo pomwe. Kuseri kwa mabatire ndi mawaya ankasungako timapiritsi tokulunga m'mapepala, timabotolo ta mankhwala a chifuwa, ndi chamba. Atamwa piritsi loyamba msana unangoti zii. Posakhalitsa limodzi linasiya kukwanira, kenako anayamba kusakaniza ndi zinazo, ndipo za msana anaziiwala n'kale.

Zotsatira zake amazidziwa aliyense amene anakhalapo ndi munthu wotere m'nyumba. Nyimbo zija zinatha. Pulawo inachoka pakhomo, ati ikukakonzedwa, ndipo mpaka lero ikukonzedwabe. Inatsatira wailesi, kenako mbale za alendo. Ana anaphunzira kuona kayendedwe ka bambo awo ali patali n'kudziwa ngati ndi tsiku lokasewera kwa agogo. Ndipo sanali yekha. Minda ya anyamata amphamvu inamera udzu wofika m'chiuno, nkhuku zinkasowa dzuwa likuswa mtengo, ndipo amayi ena ankapita ndi mapoto awo kumunda poopa kuwapeza atagulitsidwa. Koma aliyense ankabisa za m'nyumba mwake. Ukafunsa kuti mwana ali bwanji, yankho linali loti akudwaladwala malungo.

Tsiku lina anthu anam'peza mwamuna uja pakati pa msewu atatsika pangolo, akukangana ndi tayala, akulifunsa chifukwa chake limamulondola kulikonse. Anthu anaseka chikhakhali. Mkazi wake atafika sanaseke. Anamugwira dzanja ngati mwana, napita naye kunyumba misozi ikutsika, ndipo sanaipukute ngakhale anthu ankamuona. Achimwene ake a mwamunayo anamutengera kuchipatala cha m'tauni kumene amathandiza anthu otere, ndipo madokotala enieni anati akhala kumeneko miyezi ingapo.

"Ng'ombezi tigulitse, mwana wanga," anatero apongozi ake aakazi atakhala pakhonde. "Azisamala ndani? Iwe ukaona nyanga umathawa ngati waona njoka."

"Ayi amayi, sizigulitsidwa," anayankha iye. "Bambo a anawa akadzabwera n'kupeza m'khola muli mbee, azidzatani? Azidzangokhala pakhonde pano kuthamangitsa ntchentche, kenako miyendo idzawatengera komwe kuja. Ngoloyi ndiyendetsa ndine."

Apongozi anaseka mpaka kutsamwa. Atatha kutsokomola anati, "Chabwino. Koma zikakuponda usadzati sindinanene."

Zinamupondadi, tsiku loyamba lomwelo. Anakwera pandowa kuti afikire makosi, n'kuika goli chozondotsa, ndipo Kapitawo inamuponda chala chachikulu n'kuimapo kaye ngati ikuganiza zina. Mkulu wina woyandikana nawo, amene kale anali ndi ngolo, anabwera kudzamuonetsa kamangidwe ka goli ndi zingwe za kunyanga, uku akupukusa mutu. Dzuwa lisanakwere kwambiri mayiyu anali pangolo, matumba a anthu opita kuchigayo ali kumbuyo.

Ng'ombe zinayenda bwino moti anayamba kudzimva. Anawongola msana, n'kupereka moni kwa anthu mokweza kuti amuone. Koma atafika pamtengo wa mango uja, popanda wozilamula, ng'ombe zinapatuka zokha, n'kukaima njii pakhomo penipeni pa kanyumba kochajira mafoni.

Adokotala anatuluka akumwetulira, dzanja lili kale m'thumba. Ataona amene ali pangolo, kumwetulira kuja kunauma.

"Aa, ndi inu mayi? Ndimayesa..."

"Mumayesa ndani?"

"Ayi, palibe. Foni yanu ikufuna moto?"

"Ndilibe foni. Inabwera konkuno kudzachajidwa chaka chatha, sinabwererebe."

Adokotala analowa m'kanyumba mwake mwakachetechete. Mayiyu anakoka zingwe, anakuwa kuti tiyeni, anachonderera, mpaka anazitchula ng'ombezo kuti achimwene. Sizinasunthe. Anyamata amene ankakhala tsiku lonse pamizu ya mtengowo, maso ofiira, milomo youma, ankangomuyang'ana. Ng'ombe zinaima nthawi imene zinazolowera kuima, yokwanira munthu kulowa, kumwa zake ndi kusuta, kenako zinanyamuka zokha ngati palibe chachitika.

Pobwerera zinaimanso. Mawa lake chimodzimodzi. Apa m'pamene mantha enieni anamugwira, oposa a nyanga aja. Mwamuna wake adzabwera atachira, adzakwera ngolo yake ndi mtima wofuna kuyambiranso moyo, ndipo ng'ombe zake zomwe zidzamunyamula n'kukamutula pakhomo pa Adokotala, m'mawa ndi madzulo. Njira ina ya kuchigayo ndi kumsika kulibe, mlatho ndi umodzi. Iye anakana kuzigulitsa kuti zidzamupulumutse, koma ndi zomwezo zimene zidzamubwezere kudzenje. Anatsimikiza mtima kuti mwamunayo asanatuluke m'chipatala, Mawanga ndi Kapitawo zikhale zitaphunzira kudutsa pamtengo uja osaima.

Nzeru yoyamba inachokera kwa mlamu wake, mlongo wa mwamuna wake, amene amadziwa chilichonse ngakhale sanagwirepo chingwe cha ng'ombe.

"Alamu, inunso! Ng'ombe mumachita kuinyengerera ngati mkwatibwi? Chikwapu chili apocho n'cha ntchito yanji?"

Anayamba kuzikwapula zikangoyandikira mtengowo. Mtima unkamupweteka, koma ankaluma mano. Ndipo zinaphunziradi, kungoti zinaphunzira zina. Zinazindikira kuti pamango paja ndi pamene pamagwa chikwapu, choncho nzeru n'kudutsapo msanga. Zinayamba ndi kufulumira, kenako kuthamanga pang'ono, iye n'kumasangalala kuti zatheka.

Tsiku la msika ananyamula mayi wina wogulitsa matimati, munthu wathupi lake, atakhala pamwamba pa madengu ake atafunda ambulera. Ng'ombe zitangoona mtengo wa mango zinaimika michira n'kuliyatsa liwiro la mtondo wadooka. Ambulera inapita kwake. Mayi wa matimati anagwira m'chiuno mwa woyendetsa n'kuyamba kuitana mayina a ana ake onse motsatana, kuyambira woyamba. Madengu anagudubuka, msewu wonse n'kufiira. Anyamata a pamizu aja anadzuka n'kuyamba kutola matimati, ndipo anthu amati imeneyo inali ntchito yoyamba imene anagwira chaka chimenecho. Ngolo inakaima pamjigo, patsogolo pang'ono, pamene amayi anali pamzere wotunga madzi. Mmodzi anaombera m'manja n'kukuwa kuti, "Afika Adalaivala! Basi ya m'mawa yafika!"

Umo ndi mmene dzina linabadwira. Mayi wa matimati sanamulankhule kwa kanthawi, koma anakhululuka atamunyamulira katundu wake maulendo angapo, mwini katunduyo akuyenda pansi kumbuyo kwa ngolo chifukwa kukweranso anakaniratu.

Madzulo a tsiku limenelo Adalaivala analowa m'khola, malo amene kale sankapondamo, n'kuona mizere ya chikwapu pamsana pa Mawanga. Manyazi anamugwira. Anaisisita pakhosi n'kunena kuti, "Pepani achimwene, simunalakwe inu. Munangopita kumene ankakutengerani." Chikwapu anachiponya padenga. Ndipo akusisita choncho anakumbukira kanthu kena. Masiku oyamba aja, ng'ombe zikaima pamango, sizinkangoima. Zinkaweramitsa mitu n'kumanyambita mizu.

M'mawa mwake anapita wapansi, ngati wongodutsa. Anawerama ngati akuchotsa minga kuphazi, n'kukhudza muzu, n'kulawa chala. Mchere! Pakati pa mizu panali timiyulu ta madeya osakaniza ndi mchere, tothiridwa mosamala.

"Adokotala," anaitana. "Kodi ng'ombe nazonso ndi odwala anu?"

"Mayi, ine ndimangokonda ziweto," anayankha ali m'kati, osatulutsa mutu.

Kukonda ziweto! Munthu wothirira ng'ombe nyambo kuti akole mwini wake, n'kumati amakonda ziweto. Ngolo zonse za m'deralo zinkaima pamenepo, ndipo mwamuna wotopa, msana ukuwawa, ng'ombe zikamuimitsa pamthunzi, amatsika. Adalaivala anapsa mtima moti anafuna kugwetsa kanyumbako ndi manja. Koma anadziyang'ana msinkhu, n'kuyang'ana anyamata a pamizu aja, n'kuona kuti nkhondo ya zibakera siyake. Anabwerera kunyumba akulankhula yekha njira yonse.

Tsiku lotsatira anafika pamjigo ndi beseni lobooka, madeya, ndi mchere wa kukhitchini kwake. Analiika pansi pa kamtengo kapafupi.

"Adalaivala, mwayamba kuphikira pamjigo?" anafunsa mayi wina wosoka zovala.

Anawafotokozera zonse, osabisa kanthu, kuyambira msana mpaka tayala lija, mpaka mchere wa pamizu. Kenako wosoka zovala uja anati, motsitsa mawu, "Wanganso wachisamba uja si malungo ayi. Makina anga ndimachita kuwamangirira kumwendo wa bedi ndi tcheni." Wina anati mwamuna wake anagulitsa chitseko cha bafa. Wachitatu anati, "Inu chitseko? Kwanga anagulitsa galu, galuyo n'kubwerera yekha, iye n'kukamugulitsanso." Anaseka mpaka kugwirana mapewa, ena akupukuta misozi imene sinali ya kuseka kokha. Aka kanali koyamba kuti amayi amenewa anene zoona za m'nyumba zawo pamaso pa anzawo.

Kuyambira pamenepo beseni lija silinaume. Wina ankabweretsa mchere wa m'kapu, wina makoko a nthochi, wina masamba a nzimbe. Poyamba Adalaivala ankatsika asanafike pamango, n'kuyenda patsogolo pa ng'ombe mchere uli m'manja, Kapitawo ikumupumira m'khosi, mpaka kukafika pabeseni. Adokotala ataona zimenezi anawonjezera mchere wake. Amayi anawonjezera madeya. Iye anathira mchere wambiri mpaka udzu wa pamizu unapserera. Amayi anabweretsa beseni lachiwiri. Anthu anaitcha nkhondo ya mchere, ndipo wogulitsa mchere pamsika yekha ndi amene ankapempherera kuti isathe.

Ng'ombe si zopusa. Pamango panali timadeya towawa mchere ndi chikumbutso cha chikwapu, pamene pamjigo panali mchere, madeya, madzi ndi amayi ozitamanda. Mawanga inayamba kudutsa osacheuka. Kapitawo inkaponyabe diso, mwamwano wake uja, koma inkadutsa. Posakhalitsa ng'ombe za ngolo zina nazo zinayamba kukokera eni ake kumjigo, ndipo amuna amene anazolowera kutsikira pamthunzi ankangozindikira ali pakati pa amayi, akufunsidwa za kunyumba ndi kupatsidwa ndowa kuti apope. Ndowe za ng'ombe zinachuluka pamjigo moti anachita kusuntha mabeseni, koma palibe anadandaula kwenikweni. Adokotala sanasamuke, tisaname. Apolisi anabwerapo, iye n'kusowa kwa kanthawi, kenako n'kutulukiranso ndi mabatire ake. Anyamata a pamizu ena alipobe. Koma ngolo zinasiya kuima pakhomo pake.

Mwamuna uja anabwera mvula yoyamba itagwa. Anatsika basi masaya atadzaza, maso oyera, koma wamanyazi ngati mlendo. Ana anayamba amuyang'ana kayendedwe, mwachizolowezi chawo, kenako wamng'ono anathamanga n'kukamukumbatira miyendo. Atalowa m'khola n'kupeza ng'ombe zili zonenepa, anazisisita pamsana.

"Ndimayesa munagulitsa," anatero.

"Ndigulitse achimwene anga?" anayankha mkazi wake. "Funsani amayi anu kuti ankaziyendetsa ndani."

"Usandikumbutse," anatero apongozi ali pakhonde. "Mkazi wakoyu anasandutsa msewu wonse supu wa matimati."

Anapuma kunyumba masiku angapo, akukonza khola ndi kumvetsera nkhani za nkhondo ya mchere, zimene aliyense ankazinena mosiyana. Kenako m'mawa wina anamanga goli yekha, n'kunena kuti akufuna kupita kuchigayo. Adalaivala anati nayenso ali ndi zogaitsa. Analibe, anachita kukabwereka thumba kwa apongozi. Anakhala pambali pake, manja ali pamiyendo, akudziuza kuti palibe choopa. Ng'ombe anaziphunzitsa yekha, ndipo ankazikhulupirira kuposa anthu ambiri.

Anatsika kumtunda bwinobwino. Mwamunayo anayamba kung'ung'udza kanyimbo, kenako kuimba ndithu, kunyoza Kapitawo kuti yanenepa ngati bwana wa muofesi. Mkazi wake anayang'ana kumbali kuti asaonetse mmene mtima wake unasungunukira. Mtengo wa mango unaonekera. Ng'ombe sizinasinthe mayendedwe, mitu inali kutsogolo, kumjigo. Adalaivala anayamba kumwetulira.

Kenako ngolo inagwedezeka. Mawanga inaima. Kapitawo inafuna kupitirira, goli n'kupendekeka, n'kuyang'ana m'mbuyo modabwa. Adalaivala anatsegula pakamwa kuti azikalipire, koma maso ake anagwera pamanja a mwamuna wake. Zingwe zinali zitakokedwa zolimba, dzanja lamanzere likukhotetsera kumthunzi. Nyimbo inali itaduka. Mwamunayo ankayang'ana manja akewo ngati ndi a munthu wina.

"Sindinafune," ananong'ona. "Amayi a ana, ndithu sindinafune. Angochita okha."

Adokotala anali atatuluka kale, atatsamira chitseko.

"Mwabwerako, achimwene! Tinakusowanitu. Tsikani mupume, dzuwali lawawa."

Adalaivala anayang'ananso manja aja. Miyezi yonse ija, chala chopondedwa, matimati, mchere wa m'makhitchini a anthu, anaphunzitsa ng'ombe ziwiri n'kuiwala kuti pangolo pamakhala wachitatu. Ankafuna kukuwa, kulanda zingwe, kutukwana Adokotala ndi mtundu wake wonse. Koma anadziwa kuti akalanda yekha, mawa mwamunayu adzabwera popanda iye. Anakhala phee, akuluma mlomo, pamjigo amayi atasiya kupopa n'kumayang'ana.

Mwamunayo anayang'ana kanyumba kaja, anayang'ana ng'ombe zimene zinkakokerabe kutsogolo, kenako anatembenuka n'kuika zingwe zonse ziwiri m'manja mwa mkazi wake.

"Gwirani ndinu pano," anatero. "Mundipatse tikafika pamjigo."

"Tiyeni, achimwene!" anakuwa Adalaivala, ndipo ng'ombe zinanyamuka mokondwa. Mwamunayo anakhalira manja ake onse awiri, n'kuyang'ana kutsogolo mpaka mthunzi wa mango unatsalira kumbuyo.

Kuyambira tsiku limenelo amayenda awiri. Mwamuna amayendetsa kuchokera kunyumba, akuimba, ndipo akangoona nsonga ya mtengo uja amapereka zingwe osanena kanthu, n'kudzazilandira pamjigo. Pobwerera chimodzimodzi. Amuna anzake amamuseka kuti ngolo yake ili ndi dalaivala ndi kondakitala, iye n'kumayankha kuti kondakitala ndi amene amakhala bwino, chifukwa amaona malo. Adalaivala akadwala kapena akapita kumaliro, ngolo siidutsa njira imeneyo, anthu amadikira ndi matumba awo ndipo anazolowera.

Tsiku lina, akupereka zingwe pamjigo, mkaziyo anafunsa mwanthabwala kuti, "Kodi abambo, zosinthanazi mpaka liti?"

Mwamunayo sanaseke. Anayang'ana manja ake, n'kunena kuti, "Ndikadzawakhulupirira ndidzakuuzani."

Mvula yagwa kangapo chinenereni mawu amenewo. Sanamuuzebe, ndipo iye sanafunsenso. M'mawa uliwonse amangomanga mpango wake, n'kukwera, n'kukhala pambali pake.